Mbaula za Eni Ake

5 Febuluwale

Mwana wanga,

Poyamba undikhululukire zilembo zangazi, zikuoneka ngati papalasa nkhuku, ndipo mawu ena ndangowalemba momwe amamvekera m'khutu. Ukudziwa kuti sukulu ndinaisiya ndisanazolowerane ndi cholembera. Ndikanakuimbira, koma foni ndi ya azakhali ako, ndipo akandibwereka amaima pomwepo ngati akuopa kuti ndiimeza. Ndiye kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa.

Uli bwanji? Ukudya? Chifuwa chija chinatha, kapena ukundibisira? Kuno tilipo. Bambo ako ali bwino, ali pampando wawo.

Uthenga wako unandipeza, woti akusankha kukhala woyang'anira anzako ku hositelo ya atsikana ku yunivesiteko, ndipo akupatsa chipinda chakochako ndi makiyi. Ndinasangalala mpaka ndinayamba kuopa. Makiyiwo usamaike m'thumba la siketi yako yobiriwira ija, ndi lobooka. Usamakalipire ana a eni, sudziwa kwawo. Ukamagona uzikhoma, ndipo ukakhoma uzibwereranso kukaona ngati wakhomadi.

Nkhaniyi ndinauza anthu awiri okha, mayi ogulitsa makala ndi mkazi wa telala. Koma dzuwa lisanalowe, ngakhale ogontha anali atamva kuti mwana wanga wasunga makiyi a yunivesite yonse. Ine ndinati a nyumba imodzi, enawo anaonjezekera panjira.

Dzulo azakhali ako anabwera, osagogoda monga mwa masiku onse. Akuti, "Alamu, mwatukuka osatiuza? Mwana wanga wayamba chaka choyamba komweko, malo ogona am'mana, wabwerera kuno akulira. Wanuyo ali ndi zitseko zonsezo, angalephere kutsegulira msuweni wake chimodzi?" Ndinayang'ana bambo ako. Bambo ako anayang'ana wailesi. Ndiye ndinati palibe vuto. Ndikanati chiyani, poti nyumba tikugonayi ili pabwalo pawo, ndipo waya wa magetsi athu amachokera kukhitchini kwawo?

Undiyankhe msanga ngati ndalakwa. Ndikuganiza kuti sindinalakwe. Koma mwina ndalakwa.

Ndine mayi ako.


11 Febuluwale

Amayi,

Ndili bwino, ndikudya, chifuwa chinatha chaka chatha. Moni kwa ababa ndi mpando wawo.

Amayi, mwalakwa. Musamutumize msuweni wangayo, chonde.

Ndikufotokozereni ubwana wanga kuti mukauzenso mkazi wa telala. Ndine wophunzira ngati anzanga, kungoti mavuto a nyumba yonse amagogoda pakhomo panga. Wina akadzitsekera kunja atavala thawulo lokha, ndine ndimathamanga ndi kiyi wotsegula zitseko zonse. Awiri akamenyanirana ndowa kubafa, ndine woweruza, ndipo onse awiri amachoka akundida. Mpope ukathyoka ndimakanena ku ofesi, akapanda kukonza otukwanidwa ndine. Wodwala ndimamuperekeza kuchipatala. Wosiyidwa ndi chibwenzi amalirira pabedi panga n'kundithera shuga. Zipinda si zanga, amayi. Ine changa ndi kutsegulira eni ake.

Ntchito zimene anthu amandidera kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulanda mbaula zamagetsi, chifukwa kuphika m'zipinda n'koletsedwa, nyumba ingapse. Yachiwiri ndi kutulutsa anthu ogona mobisala m'zipinda za anzawo popanda chilolezo. Kuno oterewa timawatcha nsikidzi. Sabata yatha yomweyi ndatulutsa mng'ono wa mtsikana wina wa m'chipinda chapakona, wamtali, wapakamwa, ndipo mwini chipindayo anandilonjeza pamaso pa anthu kuti tidzaonana. Ndiye mukufuna wopha nsikidzi awete yakeyake?

Bwana wathu ndi mayi wina amene amayang'anira mahositelo onse. Timawatcha a Ndamvakuti, chifukwa ndi momwe amayambira chiganizo chilichonse. Tsiku lomwe anandipatsa makiyi anandiuza kuti woyang'anira akaphwanya lamulo amabweza makiyi ndi chipinda chomwe. Chipindachi ndiye malipiro anga onse. Chino ndi chaka changa chomaliza, mayeso ali kutsogoloku, ndipo inu mukudziwa kuti nyumba ya lendi m'tauni muno sitingaikwanitse.

Auzeni azakhali kuti ndimuthandiza kulembetsa pamzere wa odikira malo. Kupitirira apo ayi.

Mwana wanu.


15 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Uli bwanji? Sindinalandire yankho lako. Poyamba ndinaganiza kuti wadwala, kenako kuti basi yagwa, koma basiyo ndikuiona ikudutsa. Azakhali ako akuti kukhala chete ndi kuvomera, anthu ophunzira ndi momwe amachitira.

Ndiye msuweni wako wanyamuka m'mawa uno ndi matiresi, masutikesi awiri ndi galasi lodziyang'anira lalitali ngati chitseko. Kalatayi ili m'manja mwake. Umulandire bwino. Amaliza mkonono pang'ono, koma ukamutembenuza amasiya.

Ndine mayi ako.


2 Malichi

Amayi,

Moni nonse. Kalata yanga ija kondakitala wanu wavomera kuti anaiiwala m'jekete, jeketelo n'kulisiya kochapitsa. Ndikhulupirira tsopano yakupezani, yoyera bwino.

Katundu wanu anafika. Anafika masana, anthu ali piringupiringu pakhomo la hositelo, n'kuima pakati pa bwalo ndi matiresi pamutu, kufuula kuti, "Asisi anga oyang'anira amakhala chipinda chiti? Ndabwera kudzakhala!" Ndikanamubweza bwanji, akulira, basi yobwerera itapita kale? Ndinati agone usiku umodzi. Usikuwo mpaka lero sunache.

Tsopano ulemu wanga unatha. Ndikagogoda pachitseko kuti ndione ngati muli nsikidzi, amanditsegulira akumwetulira, "Lowani abwana, fufuzani. Asuweni adzuka bwanji?" Mtsikana wapakona uja amandipatsa moni kawiri patsiku, mogwada. Palibe amene wakanena ku ofesi. Akundisunga ngati nkhuku yodikira alendo.

Msuweni wangayo alibe nkhawa. Ndikapita m'kalasi amatenga kiyi wanga pamsomali n'kumatsegulira anthu zitseko. Amadziwa kale dzina la aliyense, chibwenzi cha aliyense ndi matenda a aliyense. Ine ndakhala m'nyumba muno zaka, koma anthu akandiona amatsitsa wailesi. Iye akamuona amamuitanira tiyi wophikidwa pa mbaula zomwe ndikuzifunafuna.

Pogona pathu ndi pothina, chifukwa chipinda chosungira katundu chikudontha, ndiye mbaula zonse zolandidwa zili kwa ine, kunsi kwa bedi ndi pamwamba pa kabati. Iye akuti chipinda changa chikuoneka ngati sitolo.

A Ndamvakuti sanamvebe. Mupemphere kuti makutu awo apitirize kupuma. Ndipo muwauze azakhali kuti mwana wawo apeze kwina mwezi uno usanathe.

Mwana wanu.


19 Malichi

Mwana wanga wokondedwa,

Moni. Ukudya? Makalata ako onse awiri ndalandira, ndipo ndawawerenga mpaka mutu kuwawa. Za kuwauza azakhali ako, ndayesa. Ndinafika mpaka pakhomo pawo, ndinawapeza akusenda anyezi ndi mpeni waukulu uja, ndiye ndinangopempha mchere.

Koma lero ndalemba kuti ndithokoze. Mwana wanga, Mulungu akudalitse! Msuweni wako anabwera Loweruka kudzaona mayi ake, ndipo anatulutsa m'sutikesi mbaula ziwiri zamagetsi, ina yanga ina ya azakhali ako. Akuti, "Asisi ali nazo zambirimbiri, mpaka posiya nsapato pakusowa, ndangoti ndiwapepuze." Ine ndinalira. Sindinadziwe kuti zolandidwazo zimakhala zako. Ntchito yabwino ndithu, kuposa ya apolisi a pamsewu.

Yangayo ndi ya mitu iwiri, yofiira. Inali ndi kapepala komata pansi kolembedwa dzina la munthu, ndaganiza kuti ndi mwini wake wakale, ndakachotsa ndi madzi otentha. Inalinso yakuda ndi mafuta, ana a masiku ano kaya amaleredwa ndi ndani, ndiye ndaikwecha mpaka kufiira kuja kwachoka, tsopano ikuwala ngati supuni. Mayi ogulitsa makala sakundiyankhulitsa, akuti ndawathawa. Mkazi wa telala akufunsa ngati ungamupezereko ya mutu umodzi, akuti sakufulumira.

Chokhacho chikundidetsa nkhawa ndi chakuti ikamayaka imalira pang'ono, kuti ziii. Siingaphulike? Ndimaphika nditaima pakhomo.

Ndine mayi ako wonyada.


25 Malichi

Amayi,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera bwino, koma mtima wanga suli pa moni.

Mbaulazo si zanga! Tikalanda timamata dzina la mwini wake, timasunga, ndipo potseka sukulu aliyense amadzatenga yake kupita nayo kwawo. Ine ndine wosunga chabe, ngati mlonda wa njinga pamsika. Kodi mlonda wa njinga amagawira abale ake njinga?

Nditawerenga kalata yanu ndinasuzumira kunsi kwa bedi. Zatsala zochepa. Zina msuweni wanga anabwezera eni ake mwakachetechete, ati anawamvera chisoni, ndipo eni akewo akumutamanda ngati mpulumutsi. Ziwiri ndi zomwe zili kwanuko. Yofiira imene mwaisandutsa supuniyo ndi ya mtsikana wapakona uja. Amayi, m'nyumba yonseyi, munasankha kuphikira pa mbaula ya munthu amene analumbira kuti tidzaonana!

Taonanadi. Anabwera kudzapempha kuti angoiona mbaula yake, ati waisowa. Nditalephera kumuonetsa anapita ku ofesi akuimba nyimbo. Dzulo ndinaitanidwa. "Ndamva kuti katundu wa ana a eni wamera miyendo m'chipinda mwako." Za nsikidzi yanga sanamve, chifukwa msuweni wanga atangonunkhiza mavuto anasamutsa matiresi ake kupita kwa anzake pansanjika yapamwamba, ndipo nyumba yonse yatseka pakamwa pofuna kumuteteza iye, osati ine.

Andiuza zinthu ziwiri. Mbaula ziwirizo zibwerere, ndipo nditchule amene anazitulutsa. Ndikatero andichenjeza chabe, chipinda chikhalabe changa. Ndikapanda kutero, ndiye kuti ndinaba ndine, ndibweze makiyi. Koma ndikamutchula, msuweni wanga sadzaloledwanso kugona mu hositelo iliyonse mpaka adzamalize sukulu.

Akundiyembekezera Lachisanu la sabata yamawa. Tumizani mbaula zonse ziwiri pa basi ya m'mawa. Muzipereke m'manja mwa dalaivala, osati kondakitala.

Mwana wanu.


29 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Sindikufunsa ngati ukudya chifukwa inenso sindikudya.

Kalata yako yafika msanga ulendo uno, nkhani zoipa sizichedwa m'jekete. Ndinawawerengera bambo ako, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chino anadzuka pampando. Akuti katundu wa eni sabwezedwa akulira kuti ziii, ayambe aikonza. Anaimasula yonse pamphasa. Poimanga, tizitsulo tina tinatsala, akuti n'tosafunika, azungu amangoikamo kuti ikwere mtengo. Tsopano siikuliranso. Siikutenthanso.

Kwa azakhali ako ndinapita, ulendo uno sindinapemphe mchere. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Akuti, "Alamu, mphatso ikalowa m'nyumba mwanga imatuluka ndi maliro anga. Mwana wanu ngati sadziwa kusunga katundu, asanamizire wanga. Ndipo ndamva kuti akumutchula mwana wanga nsikidzi. Nsikidzi! M'nyumba mwa ndani mukugona inu?" Ndinayang'ana bambo ako pawindo. Anali atabwerera pampando.

Madzulo ake magetsi athu anazima. Kwa azakhali ako ankayaka, wailesi ikuimba. Anabwerera m'mawa okha, popanda wonena kanthu. Ine sukulu sindinapite patali, koma zimenezo ndinaziwerenga bwinobwino.

Ndiye mwana wanga, ndikupempha, usamutchule. Unene kuti kunabwera akuba. Kapena unene kuti unadwala, sukumbuka. Kapena ungolira, akuluakulu ena amamva chisoni munthu akalira. Iwe ndiwe wanzeru, chaka chako n'chomaliza, upirira miyezi yotsalayi. Ife tikathamangitsidwa pano tilowera kuti ndi mpando wa bambo ako? Magazi ndi magazi, ukamutchula dzina lathu lidzanunkha pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse.

Koma usatayenso chipinda. Uchite zoti zonse ziwiri zitheke. Unaphunzira zambiri, payenera kukhala njira.

Mbaula yangayo ndatumiza ndi dalaivala, tizitsulo totsala tili m'kathumba pambali.

Ndine mayi ako.


6 Epulo

Amayi,

Moni. Mbaula inafika. Mtsikana wapakona anaiyang'ana, anayang'ana kathumba ka tizitsulo, n'kunena kuti yake inali yofiira ndipo inkaphika. A Ndamvakuti anafunsa kuti inayo ili kuti, ndipo anatulutsa ndani. Anandifunsa katatu. Njira imene munati iyenera kukhalapo ija ndinaifunafuna padenga la ofesi, sindinaione.

Sindinamutchule. Sindinalirenso. Ndabweza makiyi, ndipo chipinda ndituluke pofika Lolemba.

Magetsi anu aziyaka bwino.

Mwana wanu.


20 Epulo

Mwana wa achimwene anga,

Ndikupatsa moni ine azakhali ako, ngakhale kuti mwana ndiye amayenera kuyamba. Ife kuno tili bwino kwambiri.

Ndalemba chifukwa mayi ako akungoyendayenda pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo akunditopetsa. Ndamva kuti ntchito inakukanika. Usadandaule, utsogoleri si wa aliyense. Ena anabadwira kukhoza mayeso, ena anabadwira anthu.

Uyenera kuti wamva kale nkhani yabwino. Mabwana atafunsa atsikana a m'nyumbamo kuti akufuna ndani alowe m'malo mwako, onse anakuwa dzina la mwana wanga. Akuti bwana wanu wamkazi uja anati, "Ndamva kuti pali mtsikana wina wodzipereka, amene wakhala akutsegulira anzake zitseko popanda malipiro." Waona? Ntchito zabwino sizibisika. Chaka choyamba chomwechi, makiyi m'manja, chipinda chakechake! Ndiye ine sindikuona chimene mayi ako akulirira. Udindo sunatuluke m'banja.

Tsono pali kankhani kamodzi. Mwana wanga akuti unamupeza n'kumupempha kuti uziyala pansi m'chipinda chakecho mpaka mayeso athe. Iwe, sukuchita manyazi? Ukufuna umugwetse m'dzenje lomwe unagweramo iwe? Lamulo ukulidziwa bwino kuposa tonse, woyang'anira sasunga munthu. Mwana wanga ndi womvera malamulo, ndinamulera choncho. Akuti anakuuza mwaulemu kuti akuthandiza kulembetsa pamzere wa odikira malo, iwe n'kuchoka osatsanzika. Khalidwe limenelo si la kwathu, kaya unatengera kuchikazi.

Akutinso galasi lake unalisiya ndi mng'alu pakona. Sindikulipiritsa, ndine munthu wa Mulungu.

Ulimbikire maphunziro. Ukamaliza udzakumbukire amene anasunga makolo ako.

Azakhali ako.


3 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Uli bwanji? Uli kuti?

Iyi ndi kalata yachitatu chilembere iwe komaliza. Ziwiri zija dalaivala wabwerera nazo, akuti pachipata cha hositelo amuuza kuti dzina lako kulibe. Iyi ndapatsira mwana wa telala amene amagwira ntchito m'tauni, akuti akayesa kukufunsa ku laibulale, poti ndamuuza kuti ndi komwe ungapezeke ngati ukadali mwana wanga yemwe uja.

Lamulungu azakhali ako anaitana anthu kudzathokoza Mulungu chifukwa cha udindo wa mwana wawo. Anaphikira pa mbaula ija. Ine ndinatsuka mbale. Mkazi wa telala anandifunsa kuti, "Nanga wanu uja, makiyi a yunivesite yonse aja anamulemera?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa azakhali ako ankandiyang'ana. Mayi ogulitsa makala ayambanso kundiyankhulitsa, koma akweza mtengo.

Msuweni wako anabwera ndi makiyi pakhosi ngati mkanda. Ndinamukokera kuseri n'kumufunsa komwe ukugona. Akuti sakudziwa, ndipo ndi bwino asadziwe, chifukwa akakupeza m'chipinda cha wina m'nyumba yakeyo, ntchito yake ndi kukutulutsa. Anandiuza akumwetulira, kenako anandifunsa ngati kwatsala nyama.

Bambo ako ndinawauza mawu amenewa. Anazimitsa wailesi, ndinaganiza kuti lero alankhula ndi mlongo wawo. Kenako anati mabatire atha.

Mwana wanga, ndinakupempha kuti usamutchule ndipo sunamutchule. Ndimafuna kulemba kuti zikomo koma dzanja likukana. Usiku ndimaganiza kuti mwina uli pabenchi, mwina m'kalasi pansi pa tebulo, mwina kwa mwamuna amene sindikumudziwa, ndipo sindidziwa chomwe ndikuopa kwambiri. Ngati uli kwa mnzako, uzidzuka msanga, uzipinda zofunda, usamadye kwambiri, asatope nawe. Ngati wakwiya nane, kwiya, koma lemba ngakhale mzere umodzi wondikalipira, ndidziwe kuti dzanja lako likugwira ntchito.

Magetsi akuyaka tsiku lililonse. Mayeso ako akuyamba mwezi uno, ndipo ine mayi ako sindikudziwa komwe ukugona.

Ndine mayi ako.